Helikopita ya anthu 50: zoyenera kuyang'ana pamene Hell Let Loose: Vietnam ikubwera

Mu Ogasiti 2025, pa nthawi ya chionetsero cha magemu cha Gamescom mumzinda wa Cologne ku Germany, kampani ya Team17 inalengeza gemu yatsopano yotchedwa Hell Let Loose: Vietnam. Inati idzatuluka mu 2026 pa kompyuta, PlayStation 5 ndi Xbox Series X|S, ndipo akuipanga ndi a Expression Games a ku Britain. Analonjeza osewera 100 pankhondo imodzi, 50 mbali ya America ndi 50 mbali ya North Vietnam, mapu akuluakulu 6 a nkhondo ya pakati pa 1965 ndi 1973, mahelikopita oulutsidwa ndi osewera eniake, maboti olondera m'mitsinje, komanso njira za pansi pa nthaka. Ambiri ataona kanema wotsatsa maso awo anakakamira pa helikopita, ndipo n'zomveka. Koma chimene chidzagamule ngati gemuyi idzakhale yokoma pakatha miyezi 6 ndi nkhani ya umwini. Helikopitayo idzakhala ya munthu amene wafulumira kukhala pampando, kapena ya timu yonse?

Kuti funsoli limveke, tiyambe ndi kasinja wa m'gemu yoyamba, chifukwa maphunziro onse ali mwa iye.

Hell Let Loose yoyamba ndi ya Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Inapangidwa ndi kagulu ka Black Matter ka ku Australia, komwe kanasonkhetsa ndalama kwa anthu kudzera pa webusayiti ya Kickstarter mu 2017. Inayamba kugulitsidwa isanamalizidwe mu Juni 2019, n'kutuluka yathunthu mu Julayi 2021, ndipo Team17 inagula umwini wake mu Januwale 2022. M'gemu imeneyi kasinja ali ndi mipando itatu, ndipo palibe mpando umene uli ndi zonse. Dalaivala amaona kutsogolo kokha kudzera pa kazenera kakang'ono. Ayenera kuliza injini kaye, ndipo pa akasinja akuluakulu amasintha yekha magiya. Akayesa kukwera chitunda pa giya 4 kasinja amafooka, akatembenuka ali pa giya yapamwamba amazungulira patali ngati ngolo yodzaza chimanga. Wowombera ali ndi mzinga ndi galasi lokokera zinthu pafupi, koma galasilo limamubisira zonse za m'mbali, ndipo mutu wa kasinja umatembenuka mwaulesi. Amasankhanso chipolopolo: choboola chitsulo polimbana ndi kasinja mnzake, chophulika polimbana ndi asilikali oyenda pansi, kapena cha utsi. Akalowetsa cholakwika amadikira mzinga udzazidwenso, ndipo masekondi amenewo ndi amene amapha. Wachitatu ndi woyang'ana, amene kawirikawiri amakhala mkulu wa gululo. Iyeyu amatha kuona mbali zonse, amaika zizindikiro pamapu, ndiponso amamva zimene akuluakulu a magulu ena akunena pa wailesi, koma mzinga sali nawo.

Anachita kugawa dala. Wina ali ndi miyendo, wina ali ndi dzanja, wina ali ndi maso, ndipo chimene chimawalumikiza ndi pakamwa basi. Munthu akatenga kasinja yekha amayenera kudumpha mipando, ndipo kusintha mpando kumatenga masekondi angapo pamene kasinja ali chiimire, osayenda, osawombera. Gulu la atatu logwirizana limamumaliza asanakhale n'komwe pa mzinga.

Kasinja sawonongeka ngati chinthu chimodzi. Thupi, mutu, matcheni ndi injini zili ndi moyo wakewake. Matcheni akaphwanyika amakwawa, injini ikafa amaima, mutu ukavulala mzinga umavuta kutembenuza. Chitsulo chokhuthala chili kutsogolo, cha m'mbali n'chocheperapo, cha kumbuyo ndiye chopyapyala. N'chifukwa chake dalaivala wodziwa akafuna kuthawa amabwerera chafutambuyo, nkhope ili kwa mdani, m'malo motembenuka n'kumupatsa msana. Cholakwa chofala kwambiri ndi kulowa m'tauni kapena pakati pa mipanda ya mitengo popanda asilikali apansi. Msilikali mmodzi wokwawa m'ngalande amatha kufika kumbuyo n'kumata chikwama cha bomba, ndipo chikwamacho chimapha kasinja aliyense, kaya Tiger wa Germany kaya Sherman wa America.

Mtengo wa galimoto

Chimene chimachititsa kuti imfa ya kasinja ipweteke timu yonse ndi mtengo wake. Akasinja ambiri amagulidwa ndi komanda wa timu pogwiritsa ntchito mafuta: wapakati ndi mapointi 200, wamkulu ndi 600. Mafutawo, pamodzi ndi zida ndi mphamvu za anthu, amachuluka msanga ngati mainjiniya amanga timakina totchedwa node, ndipo kalikonse kamafuna katundu wa mapointi 50. Katundu wochuluka amabwera pa lole, imene imanyamula mabokosi awiri a mapointi 150 lililonse. Ndiye mukatsata chingwecho kubwerera m'mbuyo, kasinja wa 600 amene akugwedeza bwalo pa mphindi ya 40 anayamba ndi munthu wina amene pa mphindi yoyamba anavomera kuyendetsa lole ya mabokosi, ntchito imene palibe amaijambula n'kuika pa YouTube.

Lole yomweyo ndi imene imamangitsa misasa yodzukira, yotchedwa garrison. Msilikali akafa amadzukira pamsasa, ndipo msasa umafuna katundu wa mapointi 50 m'dera lanu, 100 m'dera la adani, komanso uyenera kutalikirana ndi unzake mamita 200. Timu imene ili ndi msasa umodzi wokha pafupi ndi malo olimbirana imagonja ngakhale itakhala ndi akatswiri owombera, chifukwa msasawo ukagwa aliyense amayamba ulendo wa mphindi zingapo wapansi.

Gemu ina yofanana nayo, Squad ya kampani ya Offworld Industries ya ku Canada, inamanga mpanda wina wowonjezera. Kuti uyendetse kasinja uyenera kuvala zida za woyendetsa akasinja, kuti uulutse helikopita uyenera kutenga udindo wa woulutsa, ndipo mkulu wa gulu ayenera kuvomereza kuti galimotoyo itengedwe. Timu iliyonse imayamba ndi matikiti, ndipo amene matikiti ake atha wagonja. Msilikali mmodzi akafa pamachoka tikiti imodzi, kasinja wamkulu akaphulika pamachoka 15, ndipo wina amabwera patapita mphindi zambiri. Malamulo onsewa akunena chinthu chimodzi kwa amene wagwira chiwongolero: chimene wakweracho ndi cha mudzi.

Tsopano ikani helikopita m'kati mwa dongosolo limeneli

Ndege imene anthu amaiganizira akamva za Vietnam ndi Bell UH-1 Iroquois, yodziwika kuti Huey. Zoposa 7,000 zinatumikira kumeneko. Inali ndi antchito anayi: oulutsa awiri kutsogolo, ndi awiri pamakomo atagwira mfuti za M60, mmodzi mwa iwo ali makanika amene ankasamalira ndegeyo. Papepala inkatha kunyamula asilikali opitirira 10, koma chifukwa cha kutentha ndi kukwera kwa malo mpweya unkapepuka, mapiko n'kulephera kunyamula zambiri, moti nthawi zambiri inkatenga 6 mpaka 8 okhala ndi katundu wawo yense.

Nkhondo ya m'chigwa cha Ia Drang imaonetsa bwino ntchito yake. Pa 14 Novembala 1965 gulu la asilikali pafupifupi 450 lotsogoleredwa ndi Hal Moore linayamba kutera pabwalo lotchedwa X-Ray. Anali ndi ma Huey 16 okha, ndipo ulendo wopita ndi kubwera unkatenga pafupifupi mphindi 30. Choncho gululo linkafika pang'onopang'ono, ndipo oyamba kutera anakhala ochepa kwa nthawi yaitali pamene adani anali ochuluka paphiri lapafupi. Moto utakula n'kuchititsa kuti bwalolo litsekedwe, oulutsa ndege awiri, Bruce Crandall ndi Ed Freeman, anapitiriza kuulukira komweko atanyamula zipolopolo ndi madzi, pobwerera n'kutenga ovulala. Onse awiri anadzalandira Medal of Honor, mendulo yapamwamba kwambiri ya asilikali a America, patapita zaka zambiri. Chimene anatchukira nacho ndi kubwerabwera ngati minibasi ya pamsewu woipa, ndipo woulutsa wabwino m'gemu amadziwikanso ndi zomwezo.

Helikopita imaphwanya lamulo la mtunda limene Hell Let Loose yakhala ikudalira. M'gemu yoyamba, kuti mumange msasa kumbuyo kwa adani nthawi zambiri muyenera kuzembetsa lole m'mphepete mwa mapu, kapena kudikira komanda aponye katundu kuchokera kumwamba, pomwe parachuti yake imaoneka kwa aliyense. Zonsezi zimatenga nthawi ndipo adani amatha kuziona. Ndege yonyamula gulu lathunthu ndi katundu wake imafupikitsa kwambiri ulendo umenewo. Ngati opanga gemu sadzaika mtengo wokwera kapena malire a kumene ingatere, mzere wankhondo udzatha tanthauzo, ndipo nkhondo ya mphindi 90 idzasanduka kuthamangitsana mozungulira. Walira mvula walira matope.

Kuulutsa kwenikweniko kuli ndi mbali zitatu. Pali chowongolera chokweza ndi kutsitsa ndege posintha kapendekeke ka mapiko onse nthawi imodzi, pali ndodo yoweramitsira ndege kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali, ndipo pali zopondera zotembenuzira mchira. Kunyamuka ndi kuuluka molunjika munthu amaphunzira madzulo amodzi. Kutera ndiye kumene kumasiyanitsa anthu. Ongoyamba kumene amafika pamwamba pa bwalo ali m'mwamba kwambiri, amaimitsa ndege, kenaka n'kumatsika pang'onopang'ono ngati chikepe. Masekondi onsewo ndegeyo ili chiimire m'malere, phokoso lake likuitana mfuti iliyonse yapafupi. Odziwa amabwera chapansipansi, mitengo kapena chitunda chili pakati pawo ndi adani, amadzutsa mphuno kuti liwiro liphwe, ndipo amatembenuka mokhota ngati mbedza kuti liwiro ndi kutalika zithere pamodzi pamalo oterapo. Osewera a Squad amatchula kateredwe kameneka kuti J-hook. Ngozi yake ili kumchira: podzutsa mphuno mchira umatsika, ndipo mapiko aang'ono a kumchira akagunda nthambi kapena nthaka ndege imayamba kuzungulira yokha. Pamenepo woulutsa sanafe yekha, wapita ndi gulu lonse limene linamukhulupirira.

Apa ndi pamene okhala pamakomo amafunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Woulutsa saona mchira wake ndipo saona pansi pa mimba ya ndege. Wapakhomo ndi amene amati "mchira uli bwino kumanzere", "mtengo kumanja, sendera pang'ono", "onse atsika, nyamuka". Wapakhomo amene amangowombera chilichonse chimene waona ali m'njira amaulula kumene ndege ikupita. Ndipo mkulu wa gulu lokwera ayenera kuika chizindikiro cha malo oterapo ndege isananyamuke, osati kuloza ali m'mwamba kale. Malo abwino amakhala patali pang'ono ndi pamene pali nkhondo, kuseri kwa chinthu chotchinga, ndipo satera pamodzimodzi katatu kotsatizana chifukwa adani amaphunzira n'kutchera mfuti.

Mbali inayo ili ndi chiyani?

Nkhondo ya mu gemu yoyamba, monga ya ku Normandy kapena ku Kursk, ndi yosavuta kuilinganiza, chifukwa mbali zonse zili ndi akasinja ndi malole ofanana ntchito. Ku Vietnam sizinali choncho. Asilikali a kumpoto sankaulutsa mahelikopita kumabwalo a nkhondo a kummwera, ndipo akasinja awo anayamba kuoneka mochedwa: ma PT-76 pa msasa wa Lang Vei mu Febuluwale 1968, ndi ma T-54 ambiri pa chiwembu chachikulu cha 1972. Chimene anali nacho ndi nkhalango, usiku, njira za pansi, ndi mfuti zowombera ndege. Mfuti ya DShK ya mamilimita 12.7 inali mdani wamkulu wa Huey, ndipo kuyambira 1972 anabweretsanso mzinga wonyamula paphewa wa SA-7 wotsata kutentha kwa injini. Mwa mahelikopita pafupifupi 12,000 amene America inagwiritsa ntchito pankhondoyo, oposa 5,000 anawonongeka, ena ndi zipolopolo, ena pa ngozi.

Gemu ya Rising Storm 2: Vietnam ya mu 2017 inakumana kale ndi vutoli. Inapatsa mbali ya America ma Huey, helikopita yomenyera nkhondo ya Cobra ndi kandege kakang'ono kofufuza kotchedwa Loach, ndipo inapatsa a kumpoto njira za pansi zimene mkulu wa gulu amakumba kuti anthu ake azidzukira, misampha, mfuti za DShK, ndi mphamvu ya komanda yoitanitsa mizinga yogwetsa ndege. Phunziro lake linali lakuti kulinganizako kuli pa lumo. Woulutsa Cobra waluso kwambiri, wopanda womuopseza, amatha kuwononga madzulo a anthu onse a mbali inayo. Koma mfuti zogwetsa ndege zikachuluka mphamvu palibe amene amafuna kuuluka, ndipo chinthu chimene anthu anagulira gemu chimangokhala pabwalo.

Njira za pansi zimene zalonjezedwa zili ndi mbiri yeniyeni. Za ku Cu Chi, kumpoto chakumadzulo kwa Saigon, zinali zotalika pafupifupi makilomita 250 zikaphatikizidwa, zokhala ndi zipinda zogona, zipatala ndi mosungira zida. M'gemu, una wotere ndi galimoto ya mbali imene ilibe ndege: umasamutsa anthu popanda kuoneka. Kukoma kwake kudzadalira ngati ukufunanso mgwirizano, wina kukumba, wina kubweretsa katundu, wina kulondera khomo, komanso ngati adani angathe kuupeza ndi kuugwetsa. Helikopita yofufuza imene ikuuza apansi pamene pali khomo la una, ndi gulu la DShK limene likudikira helikopitayo, ndiwo masewera amene angasunge anthu zaka.

Za maboti tingonena mwachidule. Boti la PBR la asilikali apamadzi a America linali lalitali pafupifupi mamita 10, lopepuka chifukwa silinali lachitsulo, loyenda popopa madzi m'malo mwa chopalasira chozungulira, moti linkadutsa m'madzi osaya a mtsinje wa Mekong. Linali ndi anthu anayi ndi mfuti ziwiri zazikulu kutsogolo. M'gemu vuto la boti ndi lakuti mtsinje ndi njira imodzi yodziwika, ndipo aliyense wobisala m'bango akudziwa kumene lidzadutse. Boti limene laima lafa.

Anthu ndi 50 okha

Pali masamu amene okonda magalimoto sakonda kumva. Tiyerekeze timu imene yatulutsa akasinja awiri a anthu atatu aliyense, mahelikopita awiri a anthu anayi, boti limodzi la anayi, magulu awiri a azondi a anthu awiriawiri, ndi komanda. Apo papita anthu 23. Otsala ndi 27, ndipo ndi amene ayenera kuteteza malo amodzi, kulanda ena, kumanga misasa ndi kuyendetsa katundu. Malo amalandidwa ndi matupi a anthu oima m'deralo, ndipo ndege yozungulira kumwamba silowa m'malo mwa gulu la apansi. Timu ya North Vietnam imene ili ndi magalimoto ochepa idzakhala ndi anthu ambiri pansi. Mwina apa ndi pamene kulinganiza kwenikweni kudzachokere, ndipo komanda wanzeru wa mbali ya America nthawi zina adzakana kutulutsa ndege yachiwiri ngakhale mafuta alipo.

Zonsezi zimayenda ndi mawu. Hell Let Loose ili ndi njira zitatu zolankhulira: ya amene muli nawo pafupi, ya gulu lanu, ndi ya akuluakulu a magulu pamodzi ndi komanda. Msilikali akaona kasinja amauza mkulu wake, mkuluyo amaika chizindikiro ndi kunena pa wailesi ya akuluakulu, mkulu wa akasinja anu amamva n'kuuza wowombera. Munthu mmodzi wosalankhula pa chingwe chimenechi amadula uthenga wonse. Lipoti labwino limatchula mtundu wa chinthu, mbali ya kampasi m'madigiri, mtunda, ndi kumene chikulowera: "kasinja wamkulu, 240, mamita 300, akupita kumanzere". Kukuwa kuti "uyo, uyo apo" sikuthandiza munthu amene akuona dziko pa kazenera. Kwa amene amachita manyazi ndi Chingerezi chawo, mawu ofunika safika 30, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Gemu ina, Battlefield 2042, inatuluka mu Novembala 2021 ndi osewera 128, akasinja ndi ndege zambirimbiri, koma yopanda njira yolankhulirana ndi mawu mpaka Epulo 2022. Magalimoto ake anasanduka zoseweretsa za munthu mmodzimmodzi, ndipo Battlefield 6 ya mu Okutobala 2025 inabwerera ku osewera 64 ndi maudindo anayi akale.

Kwa osewera ali ku Lilongwe, Chipata kapena Tete pali nkhani ina ya mtunda wa seva, kompyuta imene osewera onse amalumikizidwako pa intaneti. Kuwala kumayenda pafupifupi makilomita 200 pa milisekondi imodzi m'chingwe cha intaneti. Kuchokera ku Lilongwe kupita ku London ndi pafupifupi makilomita 8,000, choncho kupita ndi kubwera sikungachepere mamilisekondi 80 ngakhale chingwe chitawongoka, ndipo zingwe zenizeni zimazungulira m'mbali mwa nyanja. Seva ya ku Johannesburg ili pafupi kwambiri, koma gemu ya anthu 100 imafuna anthu 100, ndipo seva yopanda anthu ilibe ntchito. Pa seva yakutali kuchedwako kumapweteka kwambiri woulutsa ndege wodzaza anthu amene akutera pakati pa mitengo, ndi wowomberana pafupi m'nyumba. Sikupweteka kwenikweni woyang'ana m'kasinja, injiniya, woyendetsa lole kapena komanda. Amene intaneti yake imadukaduka asankhe maudindo amenewa, chifukwa woulutsa akaduka ali m'mwamba, okwera onse amagwa naye.

Gemu ikadzafika, kanema wotsatsa musamuwerengere, ndipo musafulumire kulipira isanatuluke. Onerani nkhondo yathunthu imodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo maso akhale pa mphindi zitatu zoyambirira pabwalo la ndege. Onani ngati aliyense angathe kungokwera n'kunyamuka kapena pakufunika udindo wa woulutsa, ngati gulu la ndege lingatsekedwe ndi munthu mmodzi kuti aziuluka yekha, ndi ngati pali malo ophunzirira kutera kunja kwa nkhondo yeniyeni. Onani kuti helikopita ikagwa timu imataya mafuta angati ndiponso imadikira mphindi zingati. Kenaka nkhondo ikatha yang'anani pa bolodi la mapointi, mupeze woulutsa amene sanaphe aliyense koma anatula magulu 10 ndi mabokosi a katundu, muone kuti gemu yamuika pa nambala yanji.